Zinthu Khumi ndi Ziwiri za a Roda

Lolemba, 16 Juni 2008

Tsiku lomaliza limene zonse zinali bwino linali Lachinayi, mu Febuluwale. Ndikulilemba pano kuti lisandithawe.

A Roda, akazi anga, anadzuka ine ndili m'tulo, monga mwa masiku onse. Anandiuza kuti mchere watha. Mawu oyamba ndinawamva ali kuchipinda, otsiriza ali kale panjira, dengu kumsana. Zaka 26 ndinkamva theka la nkhani zawo, theka linalo ankauza mphepo. Madzulo anabwera atanyowa, manja akununkha tiyi wamuwisi. Anapeza nkhuku yawo ili patebulo, anaithamangitsa ndi ambulera, ambulera n'kuthyoka. Tinadya kalongonda ndi chinangwa. Iwo anadya choimirira. Mchere ndinaiwala kugula, anandikumbutsa kawiri. Basi. M'mawa mwake mutu, kenako chipatala cha mishoni, masiku anayi.

Lamulungu likubwerali abale awo akufika kuchokera ku Khonjeni kudzatenga katundu wawo ndi kundisudzula. Anadikira kuti akolole kaye. Ndi mwambo, sindikukana. Ana sitinapatsidwe, choncho zonse zibwerera kwawo.

Chithunzi chawo ndili nacho chimodzi. Anatijambula munthu wina woyendayenda ndi njinga. Ine ndikuoneka mpaka mabatani a jekete. Iwo anatembenuka kuti athamangitse mbuzi, ndipo poyenera kukhala nkhope pali utsi.

Lero wafika Dalitso, mwana wa mlongo wanga, amene amajambula za mpira kunyuzipepala ku Blantyre. Akupita ku ukwati ku Mozambique ndipo akuopa kuti a pachipata amuvutitsa nayo kamera yake. Wandisiyira mpaka Lamulungu. Ndi yolemera ngati khanda lodya bwino. Kutsogolo kuli lenzi yotalika ngati mkono wanga. Filimu mulibe. Zithunzi zimalowa m'kakhadi konga bisiketi, ndipo umaziona pompo pa kagalasi kakumbuyo. Akuti imatola zithunzi zisanu ndi zitatu pa sekondi imodzi.

"Malume, iyi imagwira mpira uli m'mwamba mpaka ulusi wake kuoneka. Dinani apa pokha. Kwina konse musakhudze."

Pamwamba pali nambala yosonyeza zithunzi zotsala: 600.

Ganizo langa ndi ili. Katundu asanapite, ndijambule chinthu chilichonse kamodzi:

1. dengu lothyolera tiyi
2. epuloni ya pulasitiki
3. jombo
4. duku lofiira
5. zitenje
6. yunifolomu ya kwaya
7. buku la nyimbo
8. galasi loyang'anira nkhope
9. kapu yamalata
10. khasu laling'ono
11. ambulera yothyoka ija
12. nkhuku, thadzi lakuda. A Roda analitcha Kapitawo, chifukwa limayenda likukalipira aliyense koma kuikira sililabadira.

Zithunzi khumi ndi ziwiri. Dalitso ndimubwezera 588. Kufakitale ntchito yanga ndi kuyala makapu m'chipinda cholawira tiyi: kuyeza masamba, kuthira madzi, kudikira mphindi zisanu ndi imodzi. Tiyiyo ine sindimwa, ndine wa Sabata, koma kudikira ndimadziwa. Ntchito yojambulayi ndiimaliza Lachitatu.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndaweruka, ndasamba m'manja. Ndikuyamba ndi dengu.

Ndikuliika pampando m'nyumba, ndikusuzumira m'kamera. Mukungooneka chinthu chabulawuni chopanda malire. Ndikubwerera m'mbuyo. Chimodzimodzi. Msana wagunda khoma. Ndikutsegula chitseko, ndikutuluka chobwerera, kudutsa khitchini, kudutsa msewu, mpaka kulowa m'munda wa tiyi. Tiyi wandifika m'chiuno. Apa ndi pamene dengu layamba kuoneka lonse, koma m'nyumba muli mdima. Lenzi iyi inapangidwira munthu amene ali kutsidya kwa bwalo la mpira. Nyumba ya pakomboni siiona.

Ndiye kuti chilichonse chiyenera kutuluka panja, ine n'kumakaima m'munda.

Dengu pabwalo. Ine m'tiyi. Ndikupuma kaye, ndikudina.

Trrrrrrrrrrr!

Agalu a komboni yonse. Nkhunda zauluka. Chala changa chinazolowera kugwira ketulo mpaka kapu itadzaza, sichidziwa kusiya msanga. Pamene ndikuchichotsa, nambala ikuti 557.

Madengu 43. Ndikuwaona onse limodzi limodzi pa kagalasi. Ndi dengu lomwelo. Pa la nambala 30 mwalowa mutu wa Kapitawo. Pa la 34 walowa yense. Pa la 41 wakhala m'dengumo.

A Makwinja, alonda a pageti amene timayandikana nawo nyumba, atulukira ndi chibonga, malaya osamanga mabatani. Anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya kwawo ku Mozambique ndipo phokoso lotere amalidziwa. Akuti, "Achimwene, ndimayesa atitsatira." Ndikuwafotokozera. Akuizungulira kamera kawiri, manja kumbuyo. Akufunsa ngati imajambulanso anthu.

Ndawayankha kuti sabata ino ayi.

Chamalizidwa: chimodzi. Sindikudandaula, dengu laoneka bwino.

Lachitatu, 18 Juni

Chiperoni. Kuzizira, kamvula kowaza, chifunga mpaka pakhomo.

Kuntchito, podikira makapu, ndimayeserera kudina msanga pa chivindikiro cha ketulo. Bwana wolawa tiyi anandifunsa ngati chala chikupweteka. Ndinati ayi.

Madzulo ndikutulutsa jombo, ndikuziimika bwinobwino moyandikana. Ndikukaima m'munda. Nyumba sikuoneka. Lenzi ikulira yokha, ikupita kutsogolo, ikubwerera, ikufunafuna chogwira ngati munthu wofuna machesi mumdima. Ndikudina mopepuka kwambiri. Zithunzi 9, zonse zoyera ngati pepala. Ndikuyesanso. 12. Pa chimodzi pali chinthu chakuda chimene chingakhale jombo kapena a Makwinja.

Thalauzi yanyowa mpaka m'chiuno. Tsopano ndamvetsa ntchito ya epuloni ya pulasitiki. Zaka zonsezi ndinkangoiona itayanikidwa pachingwe.

Mbiri yayenda kale pakomboni yoti ndikutulutsa katundu wa malemu. Afika Mayi Nakhumwa, amene ankathyola tiyi mzere umodzi ndi a Roda kuyambira ali atsikana. Sanapereke n'moni womwe.

"Bambo, mwayamba kugawa eni ake asanabwere?"

Ndikuwaonetsa mndandanda wanga. Akuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Kenako akuyang'ana jombo zija. Akuti zimenezo si za Roda. Ndikuti ndi zawo, ndazichotsa kuseri kwa chitseko. Akuti Roda sanaimikepo jombo moyandikana chiyambire, imodzi inkakhala pakhomo, inayo kukhitchini, chifukwa ankavula akuyenda. Akukankha imodzi ndi phazi, yakagwera ku mgolo wa madzi a padenga. Inayo aigwetsa chogona.

Akunena zoona. Ndinapunthwapo pa jombo zimenezi kambirimbiri.

Koma tsopano zonse ziwiri sizikulowa m'chithunzi chimodzi. Ndingafunike kukaima ku Khonjeni. Ndayesabe, zithunzi zina 38.

Zotsala: 498. Chamalizidwa: dengu, ndi jombo imodzi, mwina.

Lachinayi, 19 Juni

Dzuwa! Ndikuthamangira kunyumba.

Ndikupeza anthu pakhomo panga. Avala za kutchalitchi pa Lachinayi. A Makwinja ali mu yunifolomu yositidwa, chipewa, wisulo pakhosi. Akuti sanauze munthu aliyense, anangotchulako pang'ono pageti.

Kukana sindimatha. Nthawi zonse ankandikanira ndi a Roda.

Vuto ndi loti ine ndiyenera kukaima m'munda, iwo pabwalo, ndipo mawu anga si aakulu. Ndikati asendere kumanja akumva kuti akhale pansi. Ndikakweza dzanja onse akundibayibitsa.

Zimene ndajambula lero:

a Makwinja akuchita sawatcha, 61. Ndaona mmene diso la munthu limatsekera ndi kutseguka, pang'ono pang'ono, kawiri konse.
a Makwinja opanda chipewa, 38
banja la a dalaivala a thirakitala, anthu asanu ndi awiri, koma m'chithunzi mukulowa atatu nthawi imodzi
khanda likuyetsemula, 24. Amayi ake akuti ndifufute. Sindidziwa kufufuta.
mbuzi, sindinaitume
mkulu wa mpingo, amene anabwera kudzandichezera, n'kuimanso pamzere

Aliyense akufuna kudziona pa kagalasi. Mitu khumi pamodzi. Zala ndikuzikankha mwaulemu. Mayi wina akudandaula kuti kamera yamukalambitsa. Ikuonetsa zonse, makwinya, ndevu imodzi ya pachibwano, ulusi wa chigamba. Wojambula wa panjinga uja ankakondedwa chifukwa kamera yake inali ndi chisoni.

Anthu atapita kwatsala kuwala pang'ono. Ndikutulutsa galasi la a Roda, ndikulitsamiritsa pampando. M'munda. Trrr. Ndikuyang'ana. Galasi laoneka bwino kwambiri. M'kati mwake muli mwamuna wowonda ataima m'tiyi, chinthu chakuda chitamuphimba kumaso.

Ndikulipendeketsa pang'ono. Tsopano muli mtambo. Ndasiya choncho.

Zotsala: 203.

Ndawerenganso mndandanda. Zatsala zisanu ndi zinayi, ndipo mawa dzuwa likalowa Sabata yayamba. Komabe pakhomo pano sipanadzazepo chonchi kuchokera tsiku la maliro, ndipo lero anthu amaseka. Mkazi wa a dalaivala wandisiyira nthochi.

Lachisanu, 20 Juni

Ndapempha kuweruka masana. Lero ndi lero.

Nzeru yatsopano: zovala zonse ndiziyanike pachingwe pamodzi, chithunzi chimodzi. Duku, zitenje zinayi, yunifolomu, epuloni. Ndikuzichotsa m'sutikesi. Zikununkhabe sopo wawo. Ndaima pang'ono. Kenako ndapitiriza.

Mphepo yayamba nditangofika m'munda. Zitenje zikuuluka, manja a yunifolomu akukupiza ngati akuimbitsa kwaya. Kamera ikusangalala, izi ndi zimene inabadwira. Trrr. Ndikuyang'ana. Chitenje chaima m'mwamba chouma gwa ngati lata, maluwa ake onse akuwerengeka. Chithunzi chabwino, koma sindikuzindikira kuti ndi cha ndani. Chikufanana ndi za m'sitolo.

Duku lauluka, lakatera pamwamba pa tiyi. Ndakalitenga.

Buku la nyimbo, kapu ndi khasu ndaziika pamodzi pamphasa. Mphepo ikutsegula masamba a buku. Kapu yagubuduzika. Khasu lokha ndi limene landimvera sabata ino.

Nambala 12. Ndikumwaza madeya pabwalo, ndikuthamangira m'munda. Ndikafika, Kapitawo wadya wachoka. Kachiwiri. Kachitatu. A Makwinja akudzipereka kuti aigwire. Yawajompha pachala, yauluka kudutsa paphewa pawo ikukalipa, ine chala chili pabatani. Zithunzi 57. Pa chimodzi ili m'mwamba ndithu, mapiko otambasula, nthenga iliyonse payokha, diso likundiyang'ana mwachipongwe. Kumbuyo kwake a Makwinja ali kukamwa yasa.

Zotsala: 14.

Mayi Nakhumwa akudutsa poweruka. Akuona dengu lili pampando. Akuti dengu silikhala pampando, bambo, taonani mmene limakhalira. Aliberekera kumsana, amanga duku lofiira lija, alowa m'munda. Ine ndikusuntha, ndikukaima pakhomo, kuti akhale kutali.

Ndikusuzumira. Lenzi yawagwira nthawi yomweyo. Msana, dengu, duku. Manja awiri akuyenda pamwamba pa tiyi, masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo osayang'ana. Akulankhula china chake atandifulatira, ndikungomva theka.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji.

Atembenuka. "Mwajambula?"

Nambala ikadali 14. Ndinaiwala kudina.

Sanandifunse chifukwa. Avula duku, alipinda, andipatsa m'manja. Dzuwa likulowa kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Ndikulowetsa zonse m'nyumba, kamera ndikuiphimba ndi nsalu.

Sabata, 21 Juni

Kumwamba kopanda mtambo ngakhale umodzi. Mphepo zii. Phiri la Mulanje likuoneka ngati ungaligwire ndi dzanja. Tsiku lokongola kuposa onse sabata ino, ndipo lafika pa Sabata. Sindikunenapo kanthu.

Kutchalitchi kwaya yaimba bwino. Pamalo pa a Roda, kumapeto kwa mzere wachiwiri, paima mtsikana wina amene sagwedezeka poimba. A Roda ankaimba ndi thupi lonse, oyandikana nawo ankawasiyira malo.

Potuluka ndikufunsa mkulu wa mpingo ngati kudina batani ndi ntchito. Akuganiza kaye. Akuti kwa Dalitso ndi ntchito, chifukwa amadyerapo. Kwa ine sakudziwa. Koma akuti munthu ukafika pofunsa, ndiye kuti yankho ukulidziwa kale. Kenako akufunsa ngati zithunzi zawo za Lachinayi zinatuluka bwino.

Masana ndakhala pakhonde. Kapitawo wagona padzuwa pakati pa bwalo, phee, osasuntha. Ambulera yatsamira pakhoma, kuwala kukuigwera bwino. Zonse zikudziwa kuti lero sindingathe.

A Makwinja afika. Iwo amapemphera mawa. Akuyang'ana kumwamba, akuyang'ana nkhuku, akuyang'ana ine.

"Achimwene, Sabata ndi yanu, koma chala ndi changa."

Ndikuwauza kuti lamulo limatchulanso mlendo wokhala m'mudzi mwako. Akuti iwo si mlendo, akhala pano zaka makumi awiri. Ndikuti ayi ndithu, zikomo. Akuvomera. Akungopempha kuti ainyamuleko, amve kulemera kwake, poti mawa ikupita. Apa sindinaone cholakwa.

Trrr.

Akuti anangoigwira. Zithunzi 14 za mapazi a a Makwinja, m'patapata, chikhadabo chilichonse chikuoneka bwinobwino.

Zotsala: 0.

Ndaseka. Ndadabwa kumva mawu anga. A Makwinja anayamba kupepesa, kenako nawonso aseka, mpaka Kapitawo wadzuka n'kutikalipira tonse awiri.

Lamulungu, 22 Juni

Afika m'mawa pa makabaza atatu: alamu anga a Felesiya amene ndi mkulu wawo wa a Roda, mng'ono wawo wina, ndi amalume awo a Muhiwa. Ndawayalira mphasa. Mayi Nakhumwa abwera kudzathandiza kuphika.

A Muhiwa alankhula mwachidule, theka m'Chilomwe. Akuti ndinasunga mwana wawo bwino, alibe nane mlandu, kuyambira lero ndine womasuka, koma njira ya ku Khonjeni ndisaiiwale. Ndathokoza.

A Felesiya akugawa katundu choimirira, akulankhula uku akulowa ndi kutuluka. Ndi magazi amodzi. Zimene ine zanditengera sabata, iwo azimaliza madzi a pamoto asanawire. Zitenje ndi yunifolomu kwa abale. Jombo azivala pomwepo, zawakwana. Khasu, kapu, galasi, buku la nyimbo, zonse m'thumba.

Ndapempha chinthu chimodzi: dengu, epuloni ndi duku zitsale kwa Mayi Nakhumwa, zizilowabe m'munda. A Felesiya ayang'ana a Muhiwa, a Muhiwa agwedeza mutu movomera. Mayi Nakhumwa alandira ndi manja awiri.

Ambulera aitsegula, aona nthiti zake, aitsamiritsanso pakhoma.

Yatsala nkhuku.

Ayamba ndi madeya. Kenako chitenje. Kenako onse: a Felesiya m'jombo, mng'ono wawo ndi lichero, a Makwinja ndi wisulo, a Muhiwa akulamula ndi ndodo. Kapitawo wazungulira khitchini kawiri, wadutsa pakati pa miyendo ya a Muhiwa, walowa m'munda pansi pa tiyi pomwe munthu sangakwawe. Mukungooneka masamba akugwedezeka ndi mitu ya anthu ikuthamangira uku ndi uku.

Nthawi yomweyo Dalitso watsika pa kabaza, fumbi la ku Mozambique likadali m'tsitsi. Waona, wathamangira m'nyumba, watenga kamera, wagwada pansi ngati ali kubwalo la mpira. Wadina. Zii. Wayang'ana nambala.

"Malume!"

Wayamba kufufuta mofulumira, a Makwinja mmodzi mmodzi. Pamene wapeza malo, a Felesiya akhala kale pansi akupuma wefuwefu, jombo imodzi ili kuphazi, inayo yatsala m'munda.

"Isiyeni, alamu. Yatengera mwini wake."

Adya, atsanzika, apita.

Dalitso wakhala pakhonde akuona zithunzi zanga, mutu uli pukupuku. Pa chithunzi cha nkhuku ili m'mwamba waima. Akuti iye wajambula zaka zisanu ndipo chonga ichi sanatolepo. Wandifunsa zoti akatsukitse. Ndamuuza: za anthu a pakomboni, aliyense chimodzi, a Makwinja chamaso otsegula. Changa, nkhuku.

Waona chithunzi chathu chija pakhoma. Wachiyang'anitsitsa, akuti nkhope imeneyi ngakhale kompyuta singaibweze. Akanakhalapo ndi kamera iyi tsiku limenelo, akuti, azakhali akanawagwira bwinobwino. Ndamuuza kuti achisiye. Ine sindinawaonepo atakhala phee, ndipo wa panjinga uja anajambula zoona.

Wapita ndi kamera yake. Phewa langa lapepuka.

M'nyumba muli malo ambiri. Sutikesi ndaiika pamwamba pa kabati, yopanda kanthu. Mchere watsala pang'ono, mawa ndigule.

Chitseko ndinasiya chotsegula. Kapitawo wabwerako kumunda, walowa, wakwera patebulo. Ndatenga ambulera. Yandiyang'ana, ndaiyang'ana.

Ambulera ndaiika kuseri kwa chitseko. Ndakhala pampando winawo.